Phokoso la atsikana atatu a ku Garut

Kumayambiriro kwa teremu ino ndinapereka chibalo kwa mtsikana wina wa Fomu 2 chifukwa choimba ng'oma padesiki. Ndinali kubolodi ndikulemba za mitundu ya aneni pomwe kumbuyo kwa kalasi kunayamba kumveka kaphokoso: zolembera ziwiri zikugogoda thabwa, chidendene chikuyankha pansi. Sikanali koyamba. Ndinatembenuka n'kumuloza ndi choko, ndipo masana a tsikulo anathera kuseri kwa zimbudzi, chikwakwa chili m'manja. Ine ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, ngati munthu amene wagwira ntchito yomwe boma limamulipira.

Patadutsa masiku angapo mng'ono wanga wa ku Blantyre, yemwe amaona ngati ife akumudzi sitidziwa kuti dziko likuzungulira, ananditumizira kanema pa WhatsApp. Pansi pake anangolemba kuti, "Achimwene, taonani ana asukulu a anzanu." M'kanemamo munali atsikana atatu ovala mahijabu akuda. Wina wakolekera gitala, wina besi, wachitatu wakhala pang'oma. Kutsogolo kwawo kunali namtindi wa azungu, mitu ikugwedezeka ngati mapira pamphepo. Phokoso lake, abale anzanga, linali la chigayo cha dizilo chikamalimbana ndi chimanga chosauma bwino. Mayi akunyumba anachita kutuluka m'khitchini kudzafunsa ngati foni yawonongeka.

Gululi dzina lake ndi Voice of Baceprot. Liwu lomalizalo ndi la Chisunda, chiyankhulo cha anthu a kumadzulo kwa chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, ndipo limatanthauza kusokosa. Atsikanawo ndi Firda Marsya Kurnia, yemwe amaimba ndi pakamwa uku akukhwatcha gitala, Widi Rahmawati wa besi, ndi Euis Siti Aisyah wa ng'oma. Amaimba rock, makamaka chamba cholemera chija amati metal. Kwawo si ku Jakarta, mzinda waukulu wa dzikolo, ayi. Ndi ku Singajaya, dera la alimi m'mapiri a boma la Garut. Ndikawerenga za kumeneko ndimaona kwathu komwe kuno: minda, mapemphero, ndi atsikana okwatiwa asanakhwime. Indonesia inakweza zaka zokwatiwira mtsikana kuchoka pa 16 kufika pa 19 m'chaka cha 2019, ife tinakonza malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Malamulo alipo uku ndi uko, koma mphunzitsi aliyense wa kumudzi amadziwa madesiki amene amakhala opanda eni ake teremu yachitatu.

Atatuwa anakumana pasukulu ya Chisilamu ya ana a msinkhu wa Fomu 1 ndi Fomu 2 yathu. Sanali ana ofatsa. Iwo eni akhala akuuza atolankhani kuti ankadziwika ndi kuvuta, ndipo ankaitanidwa kawirikawiri kuofesi ya mphunzitsi wolangiza ana. Mphunzitsiyo, Erza Satia, amene iwo amamutcha Abah, kutanthauza bambo, sanawapatse chikwakwa. Anayamba wawalowetsa m'gulu la zisudzo, kenako nyimbo. Palaputopu yake ndi pomwe anapeza Toxicity, chimbale cha mu 2001 cha gulu la ku America la System of a Down, ndipo chinawalowa m'magazi. Munali mu 2014, iwo ali ndi zaka pafupifupi 14. Poyamba analipo ambiri kuposa atatu, koma anzawo anagwa m'njira, ena makolo atawaletsa.

Chimbale chawo choyamba, Retas, chinatuluka mu Julaye 2023. Werengani nokha zakazo. Ndi 9. Mwana amene analowa Sitandade 1 chaka chomwe iwo anagwira zida koyamba anali atafika kale kusekondale pomwe chimbalecho chimatuluka. Masiku ano mnyamata akalowa m'situdiyo Lolemba, pofika Lachisanu amakhala akudzitcha katswiri. Awa anayamba adziwa zida zawo. Liwu loti retas m'chiyankhulo cha dziko lawo limanena za msoko wa chovala umene wamasuka ulusi utaduka, ndipo mneni wochokera pomwepo amagwiranso ntchito ponena za kutsegula njira pomwe panalibe.

Kuti ndichimvetsere chonse ndinachita kukwera pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, pomwe netiweki imagwirako bwino, ndipo bandulo ya sabata yathunthu inathera pomwepo. Ndisakunamizeni, ulendo woyamba mutu unandiwawa. Ine khutu langa linaleredwa ndi Alleluya Band, Lucius Banda, Evison Matafale ndi Black Missionaries, nyimbo zomwe besi yake imayenda mwachifatse ngati mkulu wampingo akupita kuguwa. Izi zimathamanga, kuima mwadzidzidzi, n'kuyambanso ndi liwiro lina usanapume. Ndikanasiyira pomwepo pakanapanda kuti ndalama ya bandulo inali itapita kale.

Ulendo wachitatu m'pamene phokoso lija linayamba kugawikana. Ndinamva besi payokha. Widi sakodola nsambo monga achitira anyamata athu a kutchalitchi. Amazimenya ndi chala chachikulu n'kuzikoka ndi zinazo, moti besi imalira ngati ng'oma yachiwiri. Ndinamva kuti Marsya ali ndi mawu angapo: pena amalakatula mothamanga ngati a rap, pena amaimba mosalala ngati mwana wa kwaya, pena amakuwa ngati mayi amene wapeza mbuzi m'dimba lake. Ndipo pakati pa chimbalecho pali nyimbo imodzi yopanda mawu, zida zokhazokha. Imeneyo ndiyo ndaibwereza kuposa zonse. Mulibe uthenga woti ugwirizane nawo kapena kutsutsana nawo, simuonekanso nkhope kapena chovala cha munthu. Muli manja asanu ndi limodzi okha, ndipo manjawo akudziwa chimene akuchita.

Zokamba zawo si za chikondi. Amaimba m'Chingerezi ndi m'chiyankhulo cha dziko lawo za nkhondo, za kuwononga chilengedwe, za sukulu, za ufulu wa munthu wamkazi. Nyimbo ina mutu wake weniweniwo ndi pempho kwa Mulungu kuti awalole kuimba, ndipo aliyense atha kuona kuti ngakhale pempholo lalunjika kumwamba, amene akuyankhidwa ndi anthu a pansi pano omwe amadziika pakati pa mtsikana ndi Mulungu wake. Ina ikunena kuti thupi la mkazi si katundu wa gulu. Imeneyo siifuna womasulira kuno kwathu, komwe lamulo la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi mpaka mu 1993, komanso komwe mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha zovala zawo.

Sindinena kuti chimbalechi chilibe banga. Ndi chachifupi, ndipo nyimbo zingapo zinali zitatuluka kale pazokha: School Revolution ndi ya mu 2018, ya pempho kwa Mulungu ija ndi ya mu 2021. Munthu amene anawatsata kuyambira kale anapeza ndiwo zambiri zadzulo m'mbale yatsopano. Mawu a nyimbo zina amamveka ngati zikwangwani za pazionetsero, olunjika kwambiri moti sakusiyira choganizira pobwerera kunyumba. Chingerezi chawonso pena chimandiphonya, ngakhale pamenepo sindingaloze chala, poti changa chomwe ana a m'tauni amachiseka. Koma ndi chimbale cha anthu odziwa kuimba, ndipo zimenezi zimamveka ngakhale kwa munthu ngati ine amene chamba chake si chimenechi.

Tsono nkhani yomwe yandigwira mtima kwambiri ndi ya mmene anthu anawalandirira, chifukwa analandiridwa kawiri, kwawo ndi kunja, ndipo malo onse awiri anthu anatsogoza maso, makutu n'kutsalira.

Kwawo ena anati mtsikana wovala hijabu sangaimbe nyimbo zotere, ndi za mdyerekezi. Analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa. Marsya anafotokozapo kuti tsiku lina anagendedwa ndi mwala womwe unali ndi kapepala ka mawu achipongwe. Musaganize kuti anthu a ku Indonesia sadziwa metal. Dzikolo, lomwe lili ndi anthu oposa 270 miliyoni ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu, lili ndi magulu ambirimbiri a chamba chimenechi, ndipo Joko Widodo, yemwe anali mtsogoleri wa dzikolo kuyambira 2014 mpaka 2024, amadziwika kuti amakonda gulu la Metallica. Choncho phokosolo silinali lachilendo. Chachilendo chinali amene akulichititsa: ana aakazi, a kumudzi, opemphera.

Kunja zinali zina. Makanema awo akuimba nyimbo za magulu otchuka atafala paintaneti, Tom Morello, katswiri wa gitala wa gulu la Rage Against the Machine, anawayamikira poyera. Kumapeto kwa 2021 anakaimba m'maiko a ku Ulaya. Mu 2022 anaimba ku Wacken Open Air ku Germany, komwe kumakhala chimodzi mwa zikondwerero zazikulu za metal padziko. Retas itangotuluka, mwezi wotsatira anali paulendo wozungulira mizinda ya ku America. Ndipo mu Juni 2024 anakhala gulu loyamba la ku Indonesia kuimba ku Glastonbury ku England, chikondwerero chomwe chinayamba mu 1970 ndipo chimasonkhanitsa anthu pafupifupi 200,000. Chaka chimenecho kunalinso Coldplay ndi Dua Lipa. Kanema amene mng'ono wanga ananditumizira uja anali wa kumeneko.

Zonsezi ndi zabwino. Koma tayesani kufufuza dzina la gululi muone mitu ya nkhani. Pafupifupi paliponse liwu lotsogola ndi hijabu, besi ndi ng'oma zimabwera kumapeto ngati zabwera n'komwe. Atsikanawo anatopa nazo. Ali ku France paulendo wa mu 2021 uja, Marsya anadandaula ali pansanja kuti atolankhani amalimbikira kuwafunsa za zovala zawo m'malo mwa nyimbo, ngati kuti abwerera chionetsero cha mafashoni. Wakumudzi anaona nsalu n'kutola mwala, wa ku Ulaya anaona nsalu yomweyo n'kuomba m'manja.

Ndisawaike pamuyeso umodzi, chifukwa mwala umatulutsa magazi pomwe kuomba m'manja kumagula tikiti ya ndege. Ndipo ndikhale woona mtima: ine ndemwe ndinatsegula kanema uja chifukwa cha mahijabuwo. Akanakhala anyamata atatu atsitsi lalitali ndikanamufufuta kuti foni ipume. Chithunzi chawo chinawatsegulira zitseko zomwe magulu ena aluso a kwawo akugogodabe, palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma chitseko chikatseguka chifukwa cha maonekedwe, wolowayo amakhala ndi ngongole yomwe mwamuna sakhala nayo. Amayenera kutsimikizira anthu tsiku lililonse kuti akudziwadi kuimba. Si zatsopano. Mu 1982 gulu la The Go-Go's la ku America linafika pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale wa Billboard ndi chimbale cha Beauty and the Beat, n'kukhalapo sabata 6. Linali gulu loyamba la akazi okhaokha, opeka nyimbo zawo ndi kuimba okha zida, kufika pamenepo. Papita zaka zoposa 40, koma akazi atatu akakwera pansanja ndi magitala dziko limadabwabe ngati laona nkhuku ikusambira.

Ndinapita nacho chimbalecho kuchipinda cha aphunzitsi nthawi ya buleki. Nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, mkulu wina amene timamulemekeza pankhani za mapemphero anaimirira ndi kapu yake ya tiyi n'kunena kuti, "Akulu, zausatana izi muzimvera kwanu." Mnzanga wa masamu anaseka n'kupempha kuti ndimuonetse nkhope zawo kaye. Yemwe anakhala chete mpaka nyimbo kutha ndi Madamu a Biology, omwe ndi Msilamu ndipo nawonso amavala hijabu. Ndinkayembekeza kuti mwina akhumudwa, kapena anyadira. Iwo anangoti phokosolo si lawo, kuti pakati pa Asilamu eniake anthu amasiyana maganizo pankhani ya nyimbo, ndipo kuti atopa ndi anthu oganiza kuti nsalu ya kumutu kwawo imayankhula m'malo mwawo. Tonse tikukumbuka mmene mkangano wa hijabu m'sukulu unafikira poipa ku Balaka mu 2019, choncho palibe anawonjezera kanthu. Kenako Madamuwo anafunsa funso lomwe panalibe wina aliyense analifunsa: "Kodi ng'oma zonsezo akuimba ndi mwana mmodzi?"

Funso limenelo linandibwezera kudesiki lakumbuyo lija.

Nyimbo ya School Revolution ndi dandaulo la mwana wasukulu amene akuona kuti sukulu ikumupanikiza ndi malamulo ndi zoloweza, osalabadira zomwe iye ali nazo mumtima. Ndinaimvera koyamba ngati munthu wongodutsa. Pobwereza m'pamene ndinazindikira kuti m'nkhani ya atsikanawa muli aphunzitsi a mitundu iwiri, amene ankawatumiza kuofesi ndi amene anawalandira kuofesiko, ndipo kuti ine, ndi dipuloma yanga ndi zaka zanga zonse pantchito, ndili m'gulu loyambalo. Sindikunena kuti mwana azigogoda desiki mphunzitsi akuphunzitsa. Kalasi yanga ili ndi ana oposa 80, aliyense atati azichita zomwe mtima wake wafuna ndiye kuti tatseka sukulu. Chibalo chija sichinali cholakwika. Cholakwika chinali choti ndinamva kugogodako kangapo konse ndipo sindinadzifunsepo ngati kukugwa m'malo mwake.

Ndipo tikati ng'oma ndi za amuna, tinazitenga kuti? Kuchinamwali cha atsikana ng'oma amaimba ndi amayi okhaokha, usiku wonse, mwamuna osayandikira. Nanga pamtondo? Agogo anga aakazi akakwiya ndi agogo aamuna sankapita kwa ankhoswe msanga. Ankatenga musi, n'kuitana mnzawo wapafupi, ndipo mudzi wonse unkamva mlanduwo m'nyimbo, misi iwiri ikusinthana kugunda pansi mpaka nthaka kunjenjemera. Phokoso lolemera, mawu aukali, dandaulo la mkazi lonenedwa poyera: ngati imeneyo si metal, ndiye kuti sindinamvetse chimene ndinamvera pachulu paja. Chigayo chinatilanda mtondo, ndipo zida zatsopano zitabwera tinazipereka kwa anyamata. Pitani kutchalitchi kulikonse Lamulungu. Atsikana ali kutsogolo, mayunifolomu owala, akuvina ndi kuimba mokoma. Pakiyibodi, pagitala ndi pang'oma pali anyamata, ena oti sadziwa n'komwe kuchuna nsambo. Palibe lamulo lolembedwa. Kungoti mnyamata akagwira gitala n'kulakwitsa timati akuphunzira, mtsikana akalakwitsa timati tinanena kale. Ku Lilongwe a Music Crossroads anayesetsa mpaka kunatuluka gulu la atsikana okhaokha la Daughters Band, koma kuchokera kuno kukafika kumeneko ndi ulendo wa tsiku, ndipo ana anga ambiri sanaponde mumzindawo.

Lolemba lotsatira ndinamuitana mtsikana uja ana ena atatuluka. Anabwera akukoka miyendo, maso ali pansi, akudziwa kuti kuitanidwa ndi ine sikubala zabwino.

"Iwe, takhala apa. Tamvera ichi."

Ndinamupatsa foni ndi mahedifoni, n'kuika nyimbo yopanda mawu ija. Sindinamuonetse chithunzi, sindinamuuze kuti oimbawo ndi ndani. Poyamba anakwinya nkhope monga ndinachitira ine. Posakhalitsa zala zinayamba kuyenda pabondo. Itatha anachotsa hedifoni imodzi.

"Aphunzitsi, ameneyu akuimba ndi mapazi onse awiri."

Ine ndinali nditaimvera nyimboyo mwina kakhumi ndipo zimenezo sindinazimve. Ndinamufunsa komwe anaphunzira ng'oma. Anati kwa agogo ake aakazi, omwe amaitanidwa m'midzi yozungulira kukakhala chinamwali. Nditamuuza kuti woimba ng'omayo ndi mtsikana wa kumudzi amene anayamba ali msinkhu wake, sanadabwe monga ndinkayembekezera. Anangopempha kuti ndiibwereze.

Sukulu yathu ili ndi ng'oma ziwiri zomwe zimakhala m'sitolo, ndipo zimatuluka pa tsiku la masewero anyamata akamachemerera timu. Pali gitala imodzi ya nsambo zinayi, ziwiri zinaduka kalekale. Ndinapempha kwa ahedi kuti Lachisanu lililonse tikaweruka atsikana okhaokha azikhala ndi zidazi kwa ola limodzi. Anavomera, koma anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe, ndipo ndinamvetsa. Mphunzitsi wamwamuna wotsalira ndi ana aakazi masana ndi nkhani yomwe makolo amaiopa, ndipo ali ndi zifukwa zokwanira, chifukwa anzathu ena pantchito ino anaononga ana ndi dzina la tonsefe. Nkhani ya Abah ndi yokoma kuiwerenga, koma kuitengera kuno osaganizira zimenezi kungakhale kupusa. Choncho Madamu a Biology aja amakhalapo nthawi zonse, akuchonga makope awo pakona, ndipo timachitira pansi pa mtengo wa mango pomwe aliyense wodutsa akutiona. Tsiku loyamba kunabwera atsikana 9. Tsopano atsala 4. Anyamata amaima chapatali n'kumaseka, kupatula mmodzi amene anabwera mwaulemu kudzaonetsa mmene amachunira gitala, n'kubwerera.

Sabata yachitatu kunabwera malume ake a mtsikana uja. Ndi amene akumulera, ndipo amapha mbuzi pamsika wathu, womwe umakhalako Lachisanu. Anatsamiritsa njinga pakhoma, tinapatsana moni, n'kukhala pabenchi.

"Aphunzitsi, ine sindinabwere kudzakangana. Koma yunifolomu ndagula ndine, makope ndine. Mwanayu mayi ake kulibe. Ndinamutumiza kuno kuti adzapeze pepala, tsono ndikumva kuti mukumuphunzitsa ng'oma. Ng'oma kwathu ziliko kale. Komanso Lachisanu ndi tsiku loti azindithandiza kulandira ndalama kumsika."

Ndinalibe yankho lachangu, chifukwa bamboyo sananame pena paliponse. Ndikanatha kutulutsa foni n'kuwaonetsa Glastonbury, koma likanakhala bodza la mtundu wina. Pa atsikana onse amene anayamba ndi Abah, amene anafika kumeneko ndi atatu, patatha zaka 10, m'dziko lomwe lili ndi masitudiyo, zikondwerero ndi anthu ogula matikiti. Kuno oimba athu otchuka omwe amadandaula kuti nyimbo zawo zimangokopedwa m'mamemori khadi pamsika iwo osaona kanthu. Sindingauze munthu amene akugulitsa nyama kuti mwana aphunzire kuti ng'oma idzamudyetsa.

Chimene ndinawauza ndi chomwe ndinali nacho m'kaundula. Mwanayo ankajomba pafupifupi Lachisanu lililonse, monga achitira ana ambiri tsiku la msika, ndipo Lachisanu m'mawa ndi pomwe pali masamu ndi Chingerezi. Chiyambireni zoimbazi sanajombepo, chifukwa lamulo lathu ndi loti wosabwera m'mawa ng'oma saigwira masana. Chaka chino alemba mayeso a JCE.

"Bambo, tiyeni tichite chonchi. Akangomaliza ola lakelo azithamangira kumsika. Ndipo ngati malikisi ake atsike pamayeso a teremu ino, ndimuletsa ndine, simudzachita kubweranso."

Anakhala chete, akuyang'ana ng'oma ziwiri zija zili padzuwa kuti zikungike. Kenako anati aona mmene zikhalire, n'kukwera njinga yawo. Sanavomere, sanakanenso.

Mayeso a teremu ayamba sabata ya mawa, ndipo pepala lake la Chichewa ndidzachonga ndine, zomwe zikundisowetsa mtendere kuposa mmene ndinkaganizira. Lachisanu lapitali atsikana anayi aja anayesa kutsatira kachigawo kakang'ono ka nyimbo ya m'chimbale chija, foni ili pampando pakati pawo. Sizinafanane n'komwe. Zomwe zinatuluka zinali pakati pa metal ndi chisamba, ndipo Madamu anaika cholembera pansi n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Chakumapeto ng'oma yaikulu inang'ambika chikopa. Ahedi akuti ndalama yokonzera palibe mpaka teremu ya mawa. Munthu yekhayo amene ali ndi zikopa kuno ndi malume aja, ndipo dzulo ndinadutsa pakhomo pawo kawiri osalimba mtima kuwafunsa mtengo.